BUKU LOTSIRIZA LIKAGWIRITSA MWALA

Nkhani ya pa wailesi yonena za mabuku a Narnia ndi mwana amene anatsala kunja kwa citseko



Ndikhulupira kuti ambiri a inu mukumbukira nthano za kumudzi. Dzuwa litalowa tinali kusonkhana pamoto, agogo nayamba kuti "Padangokhala," ife ndi kubvomera kuti "Tiri tonse." Mau amenewa anali pangano. Ife ana tinali kulonjeza kuti sitidzagona kapena kusokosa, ndipo agogo nao anali kulonjeza kuti adzatifikitsa ku mathero a nthano bwino lomwe, osataya munthu panjira. Tsono taganizani nthano yaitali yokambidwa zaka 7, caka ciri conse cigawo cimodzi, ndipo pofika usiku wotsiriza wokambayo angochula mwana mmodzi wa m'nthanomo amene munamkonda kuyambira paciyambi, nati uyu salinso wathu, napitirira ndi nkhani zina. Kodi mungapite kukagona ndi mtima wotani?

Izi ndizo zinaonekera owerenga ambiri a mabuku a Narnia. Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za buku lotsiriza la mabukuwa, cifukwa cace linawawa anthu, ndi cimene tingaphunzirepo ife okonda kuwerenga ndi kumva nkhani. Inu amene simunaliwerenge, dziwani kuti ndiulula mathero ace onse.

MLEMBI NDI MABUKU ACE

Wolemba mabukuwa ndiye C. S. Lewis, amene anabadwira mu mzinda wa Belfast ku Ireland m'caka ca 1898. Mai wace anamwalira m'1908 iye ali ndi zaka 9 cabe. Atakula anapita ku nkhondo yaikulu yoyamba nalasidwa ku France m'1918, ndipo pambuyo pace anakhala mphunzitsi pa sukulu yaikulu ya Oxford kuyambira 1925 kufikira 1954, pamene anasamukira ku Cambridge. Iyenso anali munthu wa pa wailesi: pakati pa 1941 ndi 1944 analankhula kawirikawiri pa BBC za cipembedzo ca Cikristu, cimene anacitaya ali mnyamata nacibwereranso m'1931. Musunge mfundo imeneyi, pakuti tidzaifuna kutsogoloku.

Nkhondo yaciwiri itayamba m'1939, boma la Britain linacotsa ana ambiri m'mizinda yaikulu ndi kuwatumiza kumidzi poopa mabomba, ndipo ena a iwo anasungidwa m'nyumba ya Lewis pafupi ndi Oxford. Buku lace loyamba la Narnia, lochedwa The Lion, the Witch and the Wardrobe, limene linatuluka m'1950, liyamba ndi ana 4 otere, a mimba imodzi: Peter, Susan, Edmund ndi Lucy. Posewera m'nyumba ya nkhalamba ina yophunzira, analowa m'kabati ya zobvala natulukira m'dziko lina, m'mene nyama zilankhula ngati anthu, ndipo mwini wace weniweni ndiye mkango waukulu, dzina lace Aslan. Aslan anadzipereka kuti aphedwe m'malo mwa Edmund, amene anapereka abale ace kwa mfiti yaikazi, naukanso m'mawa mwace. Mfitiyo itagonja analonga ana onse 4 ufumu, nawauza kuti ufumu umene alandira ku Narnia sudzawacokera konse.

Ana a ku Britain ndi ku America analikonda bukulo, ndipo caka ndi caka panatuluka lina: Prince Caspian m'1951, The Voyage of the Dawn Treader m'1952, The Silver Chair m'1953, The Horse and His Boy m'1954, ndi The Magician's Nephew m'1955. La 7, lochedwa The Last Battle, ndiko kunena nkhondo yotsiriza, linatuluka m'1956, ndipo linalandira Carnegie Medal, mphotho yoperekedwa cifukwa ca buku la ana loposa onse a cakaco ku Britain. Cotero musaganize kuti tirikunena za buku lolembedwa mwaulesi. Liri buku lamphamvu, ndipo cifukwa ca mphamvu yaceyo bala limene linasiya silinapole msanga.

ZA M'BUKU LOTSIRIZA

Nkhani iyamba ndi nyani wokalamba wocenjera, dzina lace Shift, ndi bulu wofatsa wosacenjera, dzina lace Puzzle. Tsiku lina anatola cikopa ca mkango m'dziwe. Nyani anacisoka nacibveka bulu, namtsekera m'khola pamwamba pa phiri. Usiku anali kumtulutsa kanthawi pang'ono pa kuwala kwa moto, nauza nyama zonse kuti Aslan wabwera, koma wakwiya, ndipo sadzalankhula ndi wina ali yense koma kupyolera mwa nyani yekha. M'dzina la Aslan wonamayo nyani anagulitsa mitengo ya m'nkhalango kwa anthu a dziko la kumwera lochedwa Calormen. Analamulanso kuti akavalo ndi ng'ombe akakoke ngolo kumeneko, ndi kuti anthu aafupi a m'nthano, amene nchito yao ndiyo kukumba pansi ndi kusula zitsulo, akagwire nchito m'migodi ya mfumu ya Calormen. Malipiro ao sadzawalandira m'manja ai. Adzalowa m'thumba la Aslan, ndiko kunena m'thumba la nyani. Inu amene munamva kwa makolo anu za masiku a cibalo simufuna wina wokumasulirani mau amenewa.

Tirian, mfumu ya Narnia ya masiku amenewo, anayesa kulimbana nazo, ndipo ana awiri a ku England, Eustace ndi Jill, anatumidwa kudzamthandiza. M'mabuku oyamba aja thandizo lotere likafika zinthu zinali kukhala bwino, koma m'buku ili zonse zipita cam'mbuyo. Mzinda wa mfumu ulandidwa ndi adani. Tirian amasula anthu aafupi ngati 30 amene analikutengedwa kunka ku migodi, nawaonetsa bulu wobvala cikopa kuti aone cinyengo ndi maso ao; koma iwo, popeza ananyengedwa kamodzi, akana kukhulupiranso kanthu kali konse, ngakhale Aslan weniweni, ndipo mmodzi yekha atsata mfumu. Pa nkhondo yotsiriza, pakhomo pa khola lija, a Narnia agonja, nalowetsedwa m'kholamo mmodzi mmodzi.

Koma m'kati mwa khola Tirian apeza dziko lowala, la udzu wobiriwira ndi mitengo ya zipatso, nalandiridwa ndi mafumu 7, amuna ndi akazi, ndiwo anthu a ku England amene anathandiza Narnia pa nthawi zosiyanasiyana. Pamenepo Aslan aimirira pakhomo nathetsa dziko la Narnia. Nyenyezi zigwa; zamoyo zonse zibwera kudzampenya kumaso, zina zilowa pakhomo, zina zipatukira kumdima; madzi amiza mapiri, dzuwa lizima, ndipo Peter atseka citseko ndi mfungulo. Olowawo ayenda kunka m'kati mwa dziko latsopano, napeza kuti ndilo Narnia weniweni, ndi kuti Narnia wakale uja anali cithunzi cace cabe. Kumeneko akomana ndi abwenzi onse amene anafa kale. Pa tsamba lotsiriza Aslan awaululira kuti ku England kunacitika ngozi ya sitima ya pamtunda, ndipo iwo onse anafa pa ngoziyo pamodzi ndi atate ndi mai a Peter. Nafanizira imfa yao ndi kutsekera kwa sukulu, pamene masiku opumula ayamba.

KODI SUSAN ALI KUTI?

Kapena mwawerenga kale pa zala zanu. Ana amene analongedwa ufumu anali 4, koma m'dziko lowala muja muli Peter, Edmund ndi Lucy okha. Tirian yemwe azizwa nafunsa za mfumu yaikazi Susan. Peter ayankha mwacidule kuti mlongo wace salinso bwenzi la Narnia. Eustace aonjeza kuti akamkumbutsa za Narnia amati anali masewera a ubwana. Jill ati mtima wace uli pa masokosi a nailoni, zofiira zopaka pamilomo ndi makalata oitanira ku maphwando. Polly, amene ndiye wamkulu mwa akazi a pagulupo, ati Susan anathamangira kukula, ndipo tsopano adzataya moyo wace wonse poyesa kukhalabe pa msinkhu womwewo. Pamenepo Peter adula nkhaniyo, naloza mitengo ya zipatso kuti akalawe. Zonsezi sizidzaza ngakhale masamba awiri, ndipo palibe amene abwerezanso nkhani ya Susan kufikira buku litatha.

Kuti mumvetse cifukwa cace ici cinawawa, muyenera kumdziwa Susan wa m'mabuku oyamba. Usiku umene Aslan ananka kukaphedwa, anyamata ali m'tulo, amene anamperekeza ndiwo Susan ndi Lucy. Anaona manyazi onse amene adani anamcititsa, nalira pa mtembo wace usiku wonse, ndipo ndiwo anayamba kumuona ali wamoyo kutaca. Lipenga la Susan ndilo linaitana thandizo m'buku laciwiri pamene Narnia anali m'manja mwa adani. Atsikana ambiri owerenga, makamaka amene anazolowera kulera ang'ono ao, anadziona okha mwa iye, popeza ndiye anali kukumbutsa anzace kubvala zofunda pozizira ndi kucenjera panjira.

Nzoona kuti Lewis anaikapo zizindikiro pang'ono. M'buku laciwiri Susan ndiye anacedwa mwa ana onse 4 kumuona Aslan, cifukwa anamvera mantha ace. M'buku lacitatu timva kuti anapita ku America ndi makolo ace, ndi kuti akulu anali kumtama cifukwa ca kukongola, ngakhale ku sukulu sanali kukhoza kwambiri. Koma zizindikiro ziwiri zotere nzocepa pa cinthu cacikulu conga ici.

Ndipo taganizani za tsiku la ngozi lija monga Susan analionera. Mndandanda wa zaka umene Lewis anasiya uonetsa kuti ngoziyo inagwa m'1949, Susan ali ndi zaka 21. Tsiku limodzi anataya atate, mai, alongo ace awiri, mng'ono wace ndi msuwani wace Eustace. Inu okhala m'makomboni a migodi mudziwa m'mene nyumba imakhalira uthenga wa ngozi ukafika pakhomo. Bukulo litisonyeza akufa alikuthamanga ndi kuseka m'dziko lowala, koma za wamoyo amene watsala ndi maliro 6 silinena kanthu.

Kwathu kuno tidziwa za machona, anthu amene anapita ku nchito ku Joni kapena ku migodi yathu ino, nakhalitsa osalemba kalata kapena kutumiza kanthu kumudzi. Mchona amadzudzulidwa ndithu, koma abale akasonkhana pa ukwati kapena pa maliro dzina lace limachulidwa, mai wace amagwetsa misozi, ndipo sipalephera kupezeka wina wonena kuti timlembere kalata. Akulu anati cibale ndi fupa, siciola. Cimene cinadabwitsa owerenga ndico kuti Lucy, wa mtima wacifundo uja, alira misozi poona dziko la Narnia litatha, koma mkulu wace wa bere limodzi palibe amlirira.

OMTSUTSA LEWIS, NDI YANKHO LACE

Mafunso a Susan anayamba kumveka m'makalata a ana, ndipo patapita zaka alembi ochuka anawanena poyera. Philip Pullman, wolemba mabuku a His Dark Materials, analemba m'nyuzipepala ya The Guardian m'1998 kuti mathero a The Last Battle ali pakati pa zinthu zoipitsitsa za m'mabuku a ana, popeza mlembi apha ana pa ngozi nati cimeneco ndico cimwemwe, ndiponso atsekera Susan kunja cifukwa ca kukula kukhala mkazi. J. K. Rowling, wa mabuku a Harry Potter, ananena m'2005 kuti nkhani ya Susan ndi zopaka pamilomo imambvuta kwambiri. Neil Gaiman analemba kankhani m'2004 kochedwa The Problem of Susan, m'mene mai wina wokalamba wophunzira akumbukira tsiku limene anaitanidwa kukazindikira mitembo ya abale ace itacitika ngozi ya sitima.

Palinso dandaulo lina limene ife a kuno sitingalidumphe. Anthu a ku Calormen, adani a m'bukuli, ndiwo a khungu lodera, a dziko lotentha, obvala nsalu zokulunga kumutu, opembedza mulungu woopsa wa mutu wa mbalame dzina lace Tash. Pamene anthu a ku Narnia ndiwo oyera khungu. Anthu aafupi aja afika pa kuwatonza cifukwa ca khungu lao. Omteteza Lewis aloza kwa Emeth, msirikali wa ku Calormen amene anatumikira Tash ndi mtima woona moyo wace wonse, ndipo Aslan amlandira, nawerengera zabwino zonse zimene anacita monga zocitira iye mwini. Izi nzoona, ndipo Akristu ena anakhumudwa nazo pa cifukwa cao cina, nafunsa kuti wopembedza mulungu wacilendo walowa bwanji. Koma munthu wabwino mmodzi safafaniza cithunzi ca mtundu wonse, ndipo mwana wakuda wowerenga bukuli aona yekha mbali imene waikidwa.

Za Susan, Lewis mwini wace anayankha m'makalata ace kwa ana. M'1957 analembera mnyamata wina wa ku America kuti mabukuwo sanena cimene cinamcitikira Susan pambuyo pace. Kuti watsala wamoyo m'dziko lino atasanduka mtsikana wopepuka mutu ndi wodzitama, koma ali nayo nthawi yambiri ya kusintha, ndipo kapena adzafika ku dziko la Aslan potsiriza pa njira ya iye yekha. M'1960 anauza mwana wina kuti nkhani ya ulendo wa Susan sangailembe, cifukwa ingatalike ndi kusanduka buku la akulu, namfunsa mwanayo kuti bwanji osayesa kuilemba yekha. Lewis anamwalira pa 22 November 1963 asanaonjezepo kanthu.

Yankho ili litithandiza kuona kuti Susan sanaweruzidwe. Sanalowe m'dziko lija cifukwa sanali pa sitima, ndipo sanafe. Omdziwa Lewis anenanso kuti chimo limene analikuloza ndilo kukana cimene unaciona ndi maso ako pofuna kuti anthu akuyese wamkulu. Koma yankholo linali m'kalata imene mwana mmodzi analandira, pamene owerenga ena zikwi zambiri anali nalo buku lokha m'manja.

CIFUKWA NINJI BUKU LOTSIRIZA LIBVUTA

Bvuto ili siliri la Lewis yekha. Pali zifukwa zitatu zimene zicititsa kuti buku lotsiriza la mabuku otsatana likhumudwitse anthu koposa oyamba.

Coyamba ndico kudikira. Pakati pa buku ndi linzace pamapita caka kapena zaka, ndipo m'nthawi imeneyo wowerenga sakhala cete. Amakamba ndi anzace, amalota, amadzipangira mathero ace m'mtima, ndipo iye mwini amasintha. Mtsikana amene anawerenga buku loyamba m'1950 ali ndi zaka 9 anali ndi zaka 15 m'1956, ndipo kapena iye yemwe anali atayamba kukonda zobvala ndi maphwando. Mlembi ali ndi mathero amodzi, owerenga ali nao zikwi, ndipo sikutheka kuti onse akomane. Stephen King wa ku America anacidziwa ici. Mabuku ace a The Dark Tower anayamba m'1982 natha m'2004, ndipo pofika masamba otsiriza a buku la 7 iye aima nalangiza owerenga kuti alekere pomwepo. Amene anapitirira anapeza kuti mwini nkhani, Roland, atakwera pamwamba pa nsanja imene anaifunafuna moyo wace wonse, abwezedwa ku cipululu kumene buku loyamba linayambira, kuti ayambenso ulendo. Ena anati ndiwo mathero oyenera. Ena amene anadikira zaka 22 anapsa mtima.

Caciwiri ndico ngongole. Buku loyamba litsegula makomo, ndipo liri lonse lotsatira lionjeza anthu, malonjezo ndi mafunso. Zonsezi ndizo ngongole imene mlembi akongola kwa wowerenga, ndipo tsiku lobweza ndilo buku lotsiriza. Afanana ndi munthu amene anakongola pa sitolo, kwa mnansi ndi kwa mlamu mwezi wonse. Pa tsiku la malipiro apeza kuti ndalama sizikwanira onse, cotero wina abwerera cimanjamanja. Robert Jordan anayamba mabuku a The Wheel of Time m'1990, namwalira m'2007 atatulutsa 11 otsatana. Zotsala zimene iye anayesa kuti zidzalowa m'buku limodzi zinadzaza mabuku 3, amene Brandon Sanderson anawatsiriza m'2013. Ngongole inakula cotero. Kwa Lewis wobwerera cimanjamanja anali Susan, ndipo lonjezo limene owerenga anamkumbutsa ndi lija la ufumu wosacoka. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Cacitatu ndico kuti pa mathero mlembi sangathenso kubisa cimene akhulupira. M'mabuku oyamba mwana akhoza kukondwera ndi mkango, mfiti ndi nkhondo osadziwa kuti pansi pace pali ciphunzitso. Koma buku lotsiriza la Narnia litsata mapazi a Cibvumbulutso ca m'Baibulo: mneneri wonama, kutha kwa dziko, ciweruzo, ndi dziko latsopano. Maganizo akuti dziko looneka liri cithunzi cabe ca dziko lenileni anacokera kwa Plato, wanzeru wakale wa ku Greece, amene dzina lace lichulidwa m'bukumo. Kwa Lewis, amene anataya mai wace ali mwana naona anzace alikufa ku nkhondo, kukomananso ndi akufa kunali mathero okoma koposa onse. Kwa wowerenga amene sakhulupira monga iye, kapena amene anangofuna kuti anawo abwerere kwao amoyo monga kale, inali ngozi ya sitima basi.

MITUNDU IWIRI YA KUWAWA

Tsono ife owerenga titani? Ine ndiganiza kuti tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya kuwawa imene timaimva potseka buku lotsiriza, pakuti kawirikawiri timaisokoneza.

Pali kuwawa kwa kutsazikana. Munthu amene wagwira nchito zaka zambiri pa mgodi umodzi, tsiku lomanga katundu kubwerera kumudzi amamva cisoni, ngakhale kumudziko ndiko analikufuna masiku onse. Cisoni cotere sitingamuimbe naco mlandu mlembi. Cionetsa kuti anagwira nchito yace bwino, natipatsa dziko loyenera kulirira. Nyenyezi za Narnia zikamagwa ndi citseko cikamatsekedwa, wowerenga akhoza kukwiya tsiku loyamba, koma akabwereza patapita zaka adzapeza kuti masamba amenewo ali pakati pa okoma koposa amene Lewis analemba.

Ndipo pali kuwawa kwa ngongole yosabwezedwa. Uwu ndi mlandu ndithu, ndipo mlandu suola. Mlembi ali nao ufulu wa kupha munthu wa m'nthano yace, kumsoceretsa, ngakhale kumsiya kunja. Nthano zathu zomwe ziri nao ana osamvera amene anamezedwa ndi zirombo. Koma munthu amene anatiphunzitsa kumkonda kwa zaka zambiri ayenera kumpatsa nthawi yokwanira pomtaya, kuti tione m'mene anasocerera, ndi kuti wina amlire. Apa ndipo ndiona kuti Lewis analakwa. Akadapatsa Lucy mau owerengeka cabe olirira mkulu wace, kapena akadaika m'kamwa mwa Aslan cimene analemba m'kalata ya 1957 ija, madandaulo ambiri sakadamveka.

Cotero buku lotsiriza likakugwiritsani mwala, musafulumire kutaya ndi oyamba omwe. Liikeni pambali miyezi ingapo, muliwerengenso, ndipo mudzifunse ngati mulikulira cifukwa nkhani yatha, kapena cifukwa munthu wina wa m'nkhanimo wacitidwa mosayenera. Cisoni coyambaco cidzazirala cokha. Dandaulo laciwirilo muli nao ufulu wa kulinena, ngakhale mlembi akhale wophunzira kotani. Inu makolo amene muwerengera ana anu mabukuwa, mwana akafunsa za Susan musamkalipire. Mfunseni iye kuti aganiza Susan anatani atabwera ku maliro, monga Lewis yemwe analangizira mwana uja. Mudzamva mayankho amene simunawaganizire.

Ndipo inu amene mumakambira ana nthano madzulo, kapena amene mwayamba kulemba nkhani zanu m'cinenero cathu, tengani phunziro pa mwambo wa pa mgodi. Anthu akatuluka pansi nyali zao zimabwezedwa ndi kuwerengedwa, ndipo imodzi ikasowa palibe amene ati nchito yatha. Amayamba afunsa kuti mwini wace ali kuti. Citani cimodzimodzi ndi anthu a m'nthano yanu musanaitseke.

Amene munaliwerenga bukuli ndipo muganiza mosiyana ndi ine, tilembereni kalata kuti timve mbali yanu.